Msewu wokwera phiri la Zomba: Vitz ingakwanitse?

Nachisale_BT: Abale, Loweruka tikufuna kukwera phiri la Zomba pa Vitz, tilipo anthu anayi. Kodi msewu wake ndi wotani? Nanga ku Chingwe's Hole, dzenje lakuya lija la pamwamba pa phirili, tingakafike?

MakanikoWaKuMatawale: Mayi, kuchokera m'tauni mpaka ku hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phiri, ndi tara yekhayekha, ikwera bwinobwino bola madzi mu radiator akhale okwanira. Choopsa ndi potsika. Ambiri amaponda buleki osalekeza kuyambira pamwamba. Ma pad amatentha, brake fluid n'kuwira, kenako pedulo imangomira osagwira kanthu. Ikani giya 2, kapena L ngati ndi automatic, kuti injini izikoka galimoto m'mbuyo, buleki muzingoigunda pang'onopang'ono. Mukamva fungo lopserera imani pambali mphindi 20. Osathira madzi pa ma disc otentha, amapindika. Pamakona imbani hutala, chifukwa pamatsika malole a matabwa ndi njinga zodzaza nkhuni.

WaKuMulunguzi: Za Chingwe's Hole ndiye iwalani pa Vitz. Kupitirira ku Chawe misewu ndi yafumbi, ya miyala ndi migula, ndipo galimoto yotsika imakhula pansi, sampu (mosungira oyilo kunsi kwa injini) n'kubooka. Mvula ikagwa ngakhale 4x4 imaterereka. Isiyeni galimoto ku Chawe muyende wapansi. Damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, lili pafupi, ndipo mathithi a Williams mukafika potsata mtsinje womwewo. Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ndi kotalikirapo, koma kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Nyamukani m'mamawa, aliyense ndi madzi malita awiri. Tengani munthu wolondolera njira, mugwirizane mtengo musananyamuke. Tinjira ta m'mapaini timafanana, ndipo pomwe adula mitengo njira zimasokonekera.

Nachisale_BT: Zikomo kwambiri, bambo. Kumazizira?

WaKuMulunguzi: Kwambiri. Nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yayitali kwambiri paphirili, imapitirira mamita 2,000. Juni ndi Julaye chiperoni chikabwera chifunga chimatseka msewu, ndiye tsikani kusanade, magetsi oyatsa. Juzi ndi nsapato zogwira pansi musasiye, miyala ya pamathithi ndi yoterera. Zakudya tsekerani m'galimoto kuopa anyani, ndipo m'chilimwe chonde musasonkhe moto m'nkhalango, masamba a paini akauma amayaka ngati palafini.