Mabuleki a Hilux akulowabe pansi ngakhale tabilida kawiri, thandizeni

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka amakaniko, ndigawireni nzeru. Ndili ku Nkhotakota, ndili ndi Hilux yakale ya 1994, ya dizilo 2.8, four wheel, ndi imene ndimatutira mpunga kumidzi. Sabata yatha paipi ya mabuleki yakumbuyo inabooka ndi dzimbiri, mukudziwa matope a kuno dzinja likafika, ndiye fluid yense anatayikira pansi mpaka kabotolo ka pa master (pampu imene pedulo imakankha) kanauma gwa. Tinasintha paipiyo, ndinagula fluid wa mabuleki wa DOT 3 mabotolo awiri ndipo Loweruka tinabilida (kuchotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki) ndi alamu anga, iwo pa pedulo ine chagada pansi pa galimoto ndi sipanala. Tinayamba matayala akumbuyo n'kumalizira kutsogolo, iwo akupopa kanayi n'kugwira, ine ndikutsegula nipo (kabawuti kotulutsira mpweya) n'kutseka asanachotse phazi. Ndinalumikiza kapaipi koonekera mkati mpaka m'botolo, poyamba thovu linatuluka lambiri ndi fluid wakuda bii, kenako kunayera.

Koma ukaponda koyamba pedulo ikupita pafupifupi mpaka pansi, wofuwofu ngati buledi, ukapopa kawiri katatu ndiye ikulimba. Tabwereza dzulo, chimodzimodzi, ndipo palibe pomwe pakudontha. Lachinayi ndili ndi ulendo wa ku Kasungu ndi matumba 15, msewu wodutsa mu Game Reserve uja ndi makhota ake, zoona sindingayerekeze ndi mabuleki otere. Ndi mpweya udakalimo kapena master yatha?

Mayankho:

– Achimwene mwaiwala malo amodzi. Ma Hilux amenewo ali ndi load sensing valve kumbuyo, yomangidwa pa chassis, ili ndi kachitsulo kopita pa diff (pa ekiselo yakumbuyo). Imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu, ndipo ili ndi nipo yakeyake. Mpweya umabisala mmenemo, ambiri amangobilida matayala anayi basi.

– Bwana ngati kabotolo kanauma ndiye mpweya unalowa mu master momwemo, yambirani pamenepo, masulani pang'ono mapaipi a pa master wina atagwira pedulo, mutchinge ndi sanza chifukwa fluid amadya penti. Komanso pa galimoto yakale musamakankhe pedulo mpaka pansi penipeni, ma seal amafika pomwe pali dzimbiri n'kung'ambika, ikani kathabwa kunsi kwake. Kuti mudziwe ngati master yatha, pondani n'kugwira osapopa, ikamatsika yokha pang'onopang'ono ndiye yapita.

– Musanawononge fluid wina, kokani handbrake pang'ono muponde. Pedulo ikakwera ndiye ma shoe a mabuleki akumbuyo atalikirana ndi drum imene amaigwira, akungofunika adjust.

– Zikomo kwambiri madala, ndayesa zonse madzulo ano. Ndikagwira pedulo siikutsika, mtima wakhalako pansi. Nditakoka handbrake pedulo yasintha pang'ono chabe koma ma shoe ndiwakonzabe. Valve ija ndaipeza, inakwiririka m'matope ouma moti zaka zonsezi sindinaionepo, koma nipo yake yagwira dzimbiri, sipanala ikungoterereka ndipo ndikuopa kuithyola. Ndaithira mafuta omasulira kuti igone nawo. Ikakana mawa nditani, ndingamasule paipi yolowa mu valve n'kubilidira pamenepo?