Zija ndinafunsa za mayeso a ana anzeru zapadera kuno ku Indiana

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa za kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lathu, yonena kuti mwana wathu wa giredi 2 alemba mayeso osankhira ana anzeru zapadera. Ndinkafuna kudziwa ngati tiyenera kumulembetsa kapena kulipira. Zikomo nonse amene munayankha. Tsopano ndalankhula ndi aphunzitsi ake.

Palibe cholipira, ndipo m'dera lathu kalasi yonse imalemba. Mayesowo ndi CogAT, ndipo ali ndi zigawo zitatu: za mawu, za manambala, ndi za zithunzi. Chigawo cha zithunzichi ndicho chandikhazika mtima pansi, chifukwa mwana amene kunyumba amalankhula Chichewa amapeza mpata woonetsa nzeru zake ngakhale Chingerezi chisanakhwime. Posankha, akusukulu amayang'ananso mmene mwana wakhozera mayeso ena otchedwa NWEA MAP, a masamu ndi kuwerenga.

Lamulo la Indiana limakakamiza sukulu za boma kupeza ana otere, omwe amawatcha high ability, n'kuwaphunzitsa moyenera nzeru zawo. Mwana akapanda kusankhidwa, makolo angathe kupempha kuti aunikidwenso, ndiye musangokhala chete. Chingerezi cha m'kalata chikakuvutani, pemphani womasulira, ndi ufulu wanu. Inu a ku Texas ndi kwina, funsani kusukulu kwanu, poti malamulo amasiyana.