Tiuzaneko zabwino lero, komanso repu wanga wagwidwa nsabwe

AnaBanda_Chilenje:

Muli bwanji nonse akum'mawa amene tili muno mu Lusaka. Ine ndatopa nazo nkhani za maliro ndi za mitengo ya zinthu, munthu ukangotsegula foni m'mawa uthenga woyamba ndi wa chopereka cha bokosi, wachiwiri ndi wa ufa wakwera, ndiye lero tiuzaneko zimene zikuyenda bwino pakhomo ngakhale zing'onozing'ono. Ndiyambe ine. Mwana wanga wamkazi woyamba uja anakhala nthawi yaitali ndi dipuloma ya uphunzitsi m'sutikesi uku akugulitsa vitumbuwa pageti, anali m'gulu la aphunzitsi opitirira 30,000 amene boma linalemba mu 2022 ndipo anamutumiza ku Chadiza. Poyamba analira ati amayi kumudzi ndikachita chiyani, koma pano wazolowera, moti mwezi wathawu wanditumizira ndalama pa Airtel Money ndagula dilamu ya madzi ya malita 210, yabuluu ija.

Dilamu imeneyo ndi imene yandilimbitsa mtima pa kadimba kanga. Pakhomo pathu ndi simenti paliponse, alandilodi sangalole kukumba, ndiye ndinadzala repu ndi chainizi m'masaka a ufa a 25kg aja, ndawandandika kuseli kwa nyumba. Kuyambira mwezi wa June sindinagulepo masamba kumsika, mpaka aneba amabwera ndi tindalama tawo kudzathyola. Koma manje kwatentha kuno, masamba a repu ayamba kupindika, ukatembenuza pansi pake pali nsabwe zotuwa mbuu zaunjikana, chainizi nayenso wangothamangira kutulutsa maluwa achikasu. Ndichite bwanji anzanga? Mankhwala a m'botolo ndikuopa chifukwa adzukulu amathyola okha. Yankhani zonse ziwiri, nkhani yanu yabwino ndi nzeru ya nsabwezi.

APhiri_Kanyama:

Mayi Banda tathokoza, mwanayo Mulungu amusunge, ana okumbukira makolo ndi dilamu asowa masiku ano. Za dimbazo ndiyankhe monga munthu wokulira ku Katete m'madambo. Repu ndi chainizi ndi mbewu za nyengo yozizira, May mpaka July zimakondwa, ikafika October zimavutika basi ngakhale muthirire chotani. Chainizi amene watulutsa maluwayo musalimbane naye, masamba ake amayamba kuwawa, zulani ndipo musiye mitengo iwiri yokha kuti mupeze mbewu. M'masaka amenewo fesani bonongwe, amene anzathu kuno amati bondwe, therere ndi maungu a chibwabwa, izi dzuwa siziliopa.

Repuyo angathe kupulumuka. Choyamba thyolani masamba onse amene nsabwe zadzadza mukataye kutali, osawasiya pansi pa saka. Kenako sungunulani kachidutswa ka sopo wa mtanda mu baketi ya madzi, sinjani tsabola wa kambuzi wodzadza dzanja, ngati pali mtengo wa nimu pafupi onjezani masamba ake, zigone usiku wonse, musefe ndi kansalu. Popopera muzitembenuza tsamba chifukwa nsabwe zimakhala kunsi, ambiri amangonyowetsa pamwamba nkumati mankhwala sagwira. Muzipopera madzulo dzuwa litapepa, masana mudzawotcha masamba. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mtengo dziwani kuti nsabwe zikadalipo, nyerere zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa. Pamwamba pa saka ikani udzu wouma kuti chinyontho chisathawe, ndipo masakawo muwasunthire kumene dzuwa la masana silifika kwambiri.

Kwathu kuno ku Kanyama masaka ndi amene amatithandiza, chifukwa mvula ikayamba madzi amadzadza pabwalo ponse, pansi pali mwala ndiye salowa msanga. Ine ndimakweza masaka anga pa mabuloko.

Nkhani yanga yabwino ndi ya mnyamata wanga wachiwiri. Anachita kosi ya zamagetsi nkutenga satifiketi ya TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, koma ntchito kunalibe, amangokonza ma ayironi ndi ma ketulo a anthu. Ndiye chilala cha 2024 chija, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse, anthu anayamba kuthamangira sola. Anayamba ngati wonyamula makwerero wa munthu wina, lero amulemba ntchito yokhazikika pa kampani ina ya ku Industrial area, akuika ma panelo ndi ma invata mpaka ku Chongwe ndi ku Kafue. Malipiro oyamba anabwera ndi bulangete la ine ndi chitenje cha amake, anagwada pakhomo monga mwa mwambo, amake misozi mbwee. Chilala chinatipweteka inde, chimanga kumudzi chinapsa chonse, koma pakhomo panga chinasiyako kanthu.

NaZulu_Mtendere:

Eeh koma lero gulupu yakoma! Ine anzanga ndakhala ambuya, mpongozi wanga wachira bwinobwino, mwana wamwamuna wonenepa, masaya ake kaya watengera ndani chifukwa kwathu tonse ndife owonda kkkk. Mchombo wagwa sabata yatha ndiye watuluka m'chikuta, tinamumeta tsitsi loyamba lija, apongozi anzanga anabwera pa basi kuchokera ku Petauke ndi nkhuku yamoyo m'katoni, atafika pa Intercity nkhukuyo inathawa anyamata ama wilibala nkumaithamangitsa pakati pa mabasi, anaipeza koma anafuna ya drinki. Dzina sitinagwirizanebe, akuchimuna akufuna la agogo ake, ana eni ake akufuna la Chingerezi lomwe ine lilime limakana. Khadi ya sikelo tatenga kale ndipo katemera woyamba analandira.

Za dimba, a Phiri anena zoona koma pa sopo paja muchenjere mayi. Sopo wa mtanda yekha, osati wa ufa wochapira zovala uja, ameneyo amawotcha masamba ndipo akalowa m'dothi la m'saka satuluka chifukwa dothi lake ndi lochepa. Ndimaona anthu akuthira madzi ochapira zovala m'masamba ati kusunga madzi, ine ayi. Madzi otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale komaliza, amenewo thirani. Komanso phulusa la pa mbaula, lozizira, muziwaza pang'ono m'mawa masamba akadali ndi mame. Amayi anga ankachita choncho pa mpiru ndipo sindinawaonepo akugula mankhwala.

China, dzalani kholowa, kalembula uja. Ingopemphani mitengo ya mbatata kwa aliyense, bayani m'saka, sakufuna feteleza kapena chiyani, ndipo wa mwana wakhanda ngati mpongozi wangayu ndikumuphikira tsiku ndi tsiku wotendera. Tomato yekha ndinasiya kale, kuyambira pamene kanabwera kachilombo ka Tuta absoluta cha m'ma 2016 tomato wa pakhomo amafuna mankhwala okwera mtengo, bola kukagula ku msika wa Soweto m'mamawa pamene alimi akutsitsa mabokosi.

Mjomba_wa_Matero:

Amayi ndi atate anga muno, zikomo pa nkhani zokomazi koma ine ndiye ndimaopa kulengeza zabwino kkkk. Tsiku limene amayi anauza anthu kutchalitchi kuti ndayamba ntchito, foni yanga sinapume, amalume amene sindinawaonepo chibadwire akufuna feteleza matumba awiri, wina yunifomu ya mwana ngakhale sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, wina ati ndikubwera ku Lusaka undipezere kantchito ndikhala kwa iwe. A Phiri muuzeni mnyamata wanuyo asinthe nambala msanga.

Komabe poti mwafunsa ndinene. Lamulo la NAPSA, bungwe losunga ndalama za penshoni, litasintha mu 2023 kuti munthu utha kutengako 20 peresenti ya ndalama zako usanapume pa ntchito, anzanga ambiri anagula ma TV akuluakulu ndi masofa, ine madamu anandikaniza, ati tigule anapiye. Tinamanga kakhola kuseli, timaika mabuloila, pakatha masabata 6 akula tagulitsa, ambiri amatenga pa ngongole kulipira kumapeto kwa mwezi ndipo kutolera ndalamazo ndi ntchito ina payokha. Sitinalemere ayi koma lendi ikuchokera mmenemo, ndipo madamu alowa chilimba cha azimayi a kumsika, mwezi wamawa ndi iwo olandira.

Ndiye Mayi Banda, manyowa a nkhuku ali mbwee kwanga, osakanikirana ndi utuchi, ndimasowa kotaya. Ngati mungapeze wonyamula bwerani ndi masaka anu mudzatenge ulere, ndi ena onse amene muli ndi madimba.

AnaBanda_Chilenje:

Aaa taonani, anthu muli ndi nkhani zabwino chonchi nkumangokhala chete! NaZulu mwayi wanu, mdzukuluyo mumupsompsonereko, dzina asiyireni eni ake inu mudzamupatsa lanu la pakhomo, ndi limene limakakamira. Mjomba usadandaule, amalumewo ndi ako basi, uziwatumizira kathumba kamodzi ka feteleza wa D compound pa chaka akudalitse. Manyowawo ndikufuna ndithu, mlamu wanga ali ndi kagalimoto Loweruka tikhoza kufika. Tsabola ndasinja kale ali m'baketi, maso akuwawa. Koma a Phiri, manyowawo ndingothira pomwepo pa repu kapena bwanji? Ndipo mbewu ya bonongwe ndikaipeza kuti, m'mashopu ndimangoona repu ndi kabichi.

APhiri_Kanyama:

Ayi mayi musathire pomwepo, manyowa a mabuloila ongochoka m'khola ndi aukali, adzapsereza mizu repu yense nkufota tsiku limodzi. Aunjikeni pakona, muwaze madzi pang'ono, mufunditse saka kapena pulasitiki, muziwatembenuza ndi fosholo sabata iliyonse. Mukalowetsa dzanja mkati mudzamva kutentha, ndiye kuti akupsa. Akazizira, fungo loboola mphuno lija litatha ndipo asanduka akuda ofumbutuka, pamenepo ndiye sakanizani gawo limodzi la manyowa ndi magawo atatu a dothi. Zimatenga mwezi ndi kupitirira, ndiye adzakhala okonzeka mvula ya November ikamagwa. Pakona pakepo pasakhale pafupi ndi windo la alandilodi.

Mbewu ya bonongwe musagule, funsani azimayi ogulitsa masamba pa msika wa Chilenje pomwepo, kapena ndikupatsani yanga ndili nayo m'botolo la mayonezi. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, muzisakaniza ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane malo amodzi, osakwirira kwambiri. Mjomba, inenso undisungireko masaka atatu, mnyamata wanga adzadutsa ndi galimoto ya kuntchito akamachokera ku Lilanda.