Muphwa wanga wabwera kuchokera ku malo osinthira ana khalidwe, sukulu ikuti abwereze Sitandade 6

Malume a ku Santhe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 15. Anagwidwa ataba njinga ali mu Sitandade 6, khoti la ana n'kumutumiza ku malo osinthira khalidwe komwe wakhala chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Kumeneko sanangokhala ayi. Wamaliza Sitandade 7, makope ake ndili nawo m'nyumba muno, ochongedwa ndi bolopeni yofiira, ndipo waphunzirako ukalipentala, mpando umene ndakhalira panowu wakhoma yekha. Lolemba ndinapita naye kusukulu yake yakale. Ahedi akuti popanda kalata ya transifa iwo akumudziwa ngati wa Sitandade 6 basi. Mnyamatayo wakana, akuti sangakhale desiki imodzi ndi mng'ono wake. Ndikuopa kuti akangotaya mtima abwerera kwa anzake aja a pa siteji. Nditani?

Mphunzitsi, Kamwendo:
Malume, ahedi musawakwiyire, sangalembe mwana m'kaundula wa Sitandade 8 popanda pepala. Chofunika ndi kalata yochokera komwe amaphunzirako, yonena kalasi imene wafika, pamodzi ndi lipoti la teremu yomaliza. Ikachedwa, pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ku TDC, yomwe ndi ofesi ya maphunziro ya zoni yanu, makopewo muwatenge, mupemphe kuti mwanayo ayesedwe Masamu, Chingerezi ndi Chichewa za Sitandade 7. Koma fulumirani. Mayina a olemba PSLCE, mayeso a Sitandade 8, amapita ku bungwe la mayeso la MANEB chaka cha sukulu chikangoyamba kumene, ndiye mukazengereza chaka chonse chapita.

Mayi a ku Mtunthama:
Kalatayo musavutike kuilondola nokha. Malo ngati Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre ali pansi pa unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu, choncho yambirani ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Kasungu. Amene analemba lipoti la mwanayo pa nthawi ya mlandu ndi amene angaimbire foni kumeneko. Lamulo la 2010 loteteza ana limati malo amenewa ndi oti mwana asinthe n'kubwerera kwa anthu.

Bambo a ku Mkanda:
Ine ndiona mosiyana pang'ono. Ngati atamuyesa n'kupezeka kuti za Sitandade 7 sanazigwire bwino, musamukankhire ku 8. Wanga ndinamukakamiza, analephera, misozi inali yosaneneka. Ayambire 7, koma pa sukulu ina kumene sakumutchula kuti wakuba.

Malume a ku Santhe:
Zikomo nonse. Za sukulu inazo sindinaziganizire, ndipo mayi ake akuti kwa azakhali ake ku Chamama malo ogona alipo. Ndamufunsa ngati angalole kuyesedwa, wayankha kuti ngakhale mawa. Lachinayi ndikwera minibasi ya ku boma, makope ndawaika kale m'jumbo.