Wodwala wopsa miyendo akudandaula pa makina onjenjemeretsa, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Anzanga a mafizo, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi wodwala, bambo amene anapsa miyendo yonse iwiri. Skin graft (khungu lomwe anawamata pa mabala) inagwira bwino, papita miyezi 4, koma akuyendabe modzandira ndipo pa Timed Up and Go (TUG, muyeso wa nthawi yodzuka pampando, kuyenda pang'ono, kubwerera n'kukhalanso) akutenga masekondi 19. Ndawayambitsa pa makina onjenjemeretsa thupi lonse, 35 Hz (kugwedeza ka 35 pa sekondi), mphindi imodzi. Akuti mutu ukuchita phokoso, miyendo ikuyabwa koopsa ndi kuda bii. Ndisiye?

Physio (wa mafizo) wa ku wodi ya opsa: Achemwali, musasiye msanga. Poyamba, akuimirira bwanji? Mawondo akawongoka ndi kuuma, kunjenjemera kumakwera m'mafupa mpaka kumutu. Apinde mawondo pang'ono, madigiri 20 kapena 30, kuti minofu ya ntchafu izimeza kugwedezako. Komanso 35 Hz yachuluka kwa woyamba. Tsikirani ku 20 kapena 25, masekondi 30, apume, abwereze.

Za kudako n'zimene zandikhudza. Khungu la graft silibweza magazi bwino munthu akaima, ndiye amadikha m'munsi. Asakwerepo opanda pressure garment (chovala chothina chopanikiza zipsera) kapena bandeji yotanuka, kukulunga kuchokera ku zala kukwera m'mwamba.

OT (wothandiza odwala kuyambiranso ntchito za tsiku ndi tsiku): Ndiwonjezepo, onani zidendene. Ambiri opsa kuseri kwa mwendo chipsera chimakoka akakolo, n'kumaponda ndi zala zokha osadziwa. Muyesenso ngati mapazi akumva kukhudza, chifukwa dzanzi la mitsempha limabwera kawirikawiri munthu akapsa kwambiri.

Physio wamkulu: Zonsezo n'zoona, koma musanawakwezenso, gwirani akatumba. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa, ganizirani DVT (magazi kuundana mu mtsempha wa mkati), adokotala aone kaye. Chimodzimodzi pakakhala matuza kapena bala lotseguka. Ndipo mwana wanga, makinawa amangodzutsa minofu, salowa m'malo mwa kudzuka pampando mobwerezabwereza, kuwongola zipsera ndi kuyenda. Ndaonapo odwala akuthera nthawi yonse ya mafizo pa makina amenewa, zimandiwawa.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Ndawaonanso lero. Akatumba ali bwino, koma chidendene cha kumanja sichikufika pansi, ndipo ine sindinachione. Ndawongola akakolo kaye, ndaika kamphero pansi pa chidendene, avala garment, 22 Hz atagwirira chitsulo. Za mutu zatha, kuyabwa kulipobe pang'ono.

OT: Apake mafuta ofewetsa zipsera akatsika, osati asanakwere, mapazi angaterereke. Mudzatiuze za TUG pakatha masabata 4.