Batani loitanira thandizo la agogo okhala okha: limagwira bwanji kuno ku Lilongwe?

Funso: Abale, agogo a shuga akamakhala okha, ku Area 25 mwachitsanzo, kodi timabatani ta SOS tovala m'khosi tija n'todalirika?

Wa ku Kawale: Timagwira ndithu achimwene, bola mugule kolowa SIM kadi ya Airtel kapena TNM, osati kodalira Wi-Fi, chifukwa magetsi a ESCOM akathima rauta imazimanso. SIM muilembetse ndi chiphaso cha unzika, muiike kaye mufoni n'kuchotsa PIN. Mukaiwala, kachipangizoko sikaimba. Kenako lowetsani m'kachipangizoko manambala 3 a foni a anthu oti aziimbiridwa. Agogo akadina kwa masekondi pafupifupi 3, kamaimba manambalawo motsatizana n'kutumiza SMS.

Wa ku Area 18: Vuto lalikulu ndi voicemail, kuja foni imakuuzani kuti musiye uthenga wa mawu munthu akapanda kuyankha. Nambala yoyamba ikagwera kumeneko, timabatani tina timayesa kuti munthu wayankha, basi n'kusiya kuimbira enawo. Zimitsani voicemail pa manambala onse. Woyamba akhale neba wokhala ndi kiyi wapadera, osati mwana amene ali ku Blantyre. Chitseko chokiya ndi mabaglabazi zimachedwetsa thandizo kuposa msewu wopita kuchipatala cha Kamuzu Central.

Wa ku Biwi: Kachipangizoko kakhale kosalowa madzi, poti ambiri amagwera kubafa, pasimenti yoterera sopo, kabataniko katapachikidwa pamsomali. Zipangizo zozindikira zokha kuti munthu wagwa musazidalire kwambiri: munthu akatsetsereka pang'onopang'ono chotsamira khoma, sizimva. Tchajani tsiku lililonse, mayunitsi asathe, ndipo muziyesa kamodzi pamlungu.