Mitu yapakati ya nthano ya amayi atatu oyenda pansi kupita ku Mua ikubwerezabwereza

Nachisale:
Alembi anzanga, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa masabata atatu. Ndikulemba nthano yaitali ya amayi atatu amene anyamuka pa Mangochi boma ulendo wapansi kupita ku mishoni ya Mua, m'boma la Dedza. Woyamba ndi mayi wa Chikatolika amene mwana wake wamkazi anamwalira ndi kolera wa mu 2023, ndipo analumbira kuti akapemphera kumene mwanayo anabatizidwira. Wachiwiri ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene banja lake linatha, wachitatu ndi mayi wa Chisilamu wogulitsa usipa, amene mwamuna wake anamira panyanja. Mkonzi wanga wandibwezera zolembazo ndipo wanena kuti kuyambira mutu 6 kufika mutu 9 nkhani siikuyenda, chifukwa usiku uliwonse mmodzi amaulula chisoni chake, anzake amalira naye, ndipo kukacha onse amadzuka mitima itapepuka. Ndawerenganso ndipo ndaona kuti akunena zoona, koma sindikudziwa kuti ndichotse chiyani popanda kupha mtima wa nkhaniyo. Zolembazo akuzifuna pakutha pa mwezi wamawa.

Che Mussa:
Achemwali, ndisanalankhule za misozi, ndifunse za miyendo. Ulendowu mwaupatsa masiku angati, ndipo mwauika m'mwezi uti? Kuchoka pa boma kudzera msewu wa ku Monkey Bay, kukhota kulowera ku Golomoti mpaka ku Mua, ndi mtunda woposa makilomita 100. Munthu wamphamvu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola limodzi, koma mayi wa zaka 60 wosenza kathumba pamutu sangasunge liwiro limenelo tsiku lonse.

Nachisale:
Ndinaupatsa masiku anayi, bambo, ndipo ndi m'mwezi wa Okutobala, chifukwa ndi mwezi wa kolona.

Che Mussa:
Pamenepo ndi pamene pali gwero la vuto lanu. Inu ndi ine tikulidziwa dzuwa la Okutobala kuno kunyanja, kuti ikangokwana 9 koloko m'mawa phula limayamba kuotcha ngakhale munthu atavala nsapato. Amayiwo ayenera kunyamuka atambala akulira, n'kupuma pansi pa mlambe kapena pakhonde la golosale dzuwa likakwera, n'kudzapitiriza chakumadzulo. Mukatero ulendo ukhala wa masiku asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndipo mupeza maola ambiri a masana amene anthu atatu osadziwana bwino akhala pamthunzi umodzi, otopa, aludzu, opanda chonena. Mitu yanu ikufanana chifukwa mwalemba usiku wokhawokha, pomwe ulendo weniweni ukuchitika masana.

Abiti Saidi:
Ndikugwirizana ndi Che Mussa, koma ine chandikhudza kwambiri ndi mayi wa Chisilamuyo. Owerenga a kuno kwathu adzafunsa msanga kuti akukatani ku mishoni, ndipo yankho lakuti akungoperekeza anzake silidzawakwanira. Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, choncho mungamupatse mdzukulu amene akuphunzira kumeneko, amene sanamuone chimwalirire mwamuna wake chifukwa chosowa ndalama yokwerera galimoto. Kumbukiraninso kuti mayi wa Chisilamu akafedwa mwamuna amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku khumi, ndiye ngati ulendowu ukuyamba atangomaliza masiku amenewo, kungotuluka pakhomo n'kuponda msewu ndi chinthu chachikulu kale kwa iye, ndipo simufunika kumuchititsa kuti achifotokoze.

Chinanso, mayi wotere sangakhale pamoto n'kuyamba kukamba za imfa ya mwamuna wake ngati akuwerenga kalata. Agogo anga atafedwa sanatchulenso dzina la agogo aamuna, koma kwa zaka zambiri ankapakula nsima yoposa imene tikanatha, ndipo tonse tinkadziwa kuti mtanda wotsalawo ndi wa ndani. Mupatseni mpangankhani wanu chizolowezi chotere, ndipo mmodzi wa anzakewo achizindikire pa tsiku lachitatu koma asanene kanthu.

Bambo Phiri:
Ine ndalowa monga mkonzi, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa kumene kalembedwe ka kuulula mosinthanaka kachokera. Nthano zambiri za mtundu uwu zimene timawerenga zimachitikira pa njira ya Camino de Santiago ku Spain, kumene oyenda amagona m'nyumba zokonzedwera iwo, amadinditsa kakhadi kawo paliponse pamene afika, ndipo amalandira chikalata akayenda pansi makilomita 100 omaliza kufika ku Santiago de Compostela. Kumeneko malo ogona ndi okonzeka kale, choncho mlembi amadzaza madzulo ndi macheza. Njira ya ku Golomoti ilibe zimenezo. Amayi anu dzuwa likapendeka ayenera kukaodira kwa anyakwawa, kapena kufunsa kumene kumakhala mkulu wa mphakati, ndipo pamudzi wina amene angawapezere mphasa ndi mayi wa Chisilamuyo chifukwa ndiye amayankhula Chiyao. Usiku uliwonse uli ndi vuto lakelake, ndipo amene akupulumutsa anzake akusintha. Ngati mukufuna chitsanzo chapafupi, ganizirani anthu amene amayenda pansi masiku ambiri kupita ku Namugongo ku Uganda pokonzekera tsiku la 3 Juni lokumbukira Akhristu a kumeneko amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, amene amagona m'matchalitchi ndi m'masukulu a m'njira.

Ndikulangizaninso kuti pakhale mkangano weniweni. Anthu atatu amene asonkherana ndalama zochepa za chakudya sangathe sabata osayambana.

Nachisale:
Bambo Phiri, pa za mkangano ndimachita mantha, chifukwa cholinga changa n'chakuti mayi amene wafedwa akawerenga bukuli apezemo chitonthozo, ndipo ndikuopa kuti akaona amayiwo akunyozana adzalitseka. Ine ndemwe ndinataya mchemwali wanga m'chaka chomwecho cha kolera, ndipo mwina n'chifukwa chake ndimafulumira kuwatonthoza ampangankhani angawa.

Abiti Saidi:
Pepani kwambiri, achemwali, sitinadziwe kuti nkhaniyi yachokera pabala lanu. Komabe ndikupemphani kuti mukumbukire masiku amene munali pachisoni, ngati panalibe tsiku limene munakwiyira munthu amene anakuuzani kuti limbani mtima. Mayi wofedwa akawerenga za mnzake amene wakalipira wom'tonthoza, adzadziwa kuti mlembiyu anadutsamo, ndipo adzakhulupirira zonse zotsatira. Mkanganowo usakhale wa chipembedzo, chifukwa umenewo aliyense auyembekezera, pomwe kuno timakwatirana ndi kuikirana maliro tsiku ndi tsiku. Ukhale wa chinthu chaching'ono. Mwachitsanzo, mphunzitsiyo mapazi atatuluka matuza akwere kabaza mobisa kwa makilomita ochepa, ndipo mayi wa lumbiro uja amve kuti pemphero lake ladetsedwa.

Che Mussa:
Maganizo a kabazawo ndi abwino, ndipo akupatsani pampondachimera pamene munalibe. Akayambana ayende tsiku lathunthu motalikirana, wina patsogolo wina m'mbuyo, mayi wa usipa ali pakati osadziwa woti amudikire. Madzulo ake pasakhale kupepesana kwa pakamwa. Mayi wokwiyayo akatunge madzi pamjigo, awafunditse, athiremo mchere, n'kuika beseni pamapazi a mphunzitsi uja. Kuulula kumodzi kokha kutsale m'buku lonse, ndipo kubwere pambuyo pa beseni limeneli.

Bambo Phiri:
Ndiwonjezere za mathero, popeza mkonzi wanu adzafika pamenepo. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo pali malo a zachikhalidwe a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, choncho mudzakopeka kulemba masamba ambiri ofotokoza malowo. Dziletseni, chifukwa amayi otopa chonchi akafika adzayamba afuna madzi ndi pokhala. Musawachiritse onse atatu pakhomo la tchalitchi. Mmodzi abwerere kwawo chisoni chake chikadali chomwecho, kungoti tsopano ali ndi anthu awiri amene angawaimbire foni.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaganiza zophatikiza mutu 7 ndi 8, kuchotsa kuulula kuwiri, ndi kulemba mitu iwiri yatsopano, wa kabaza ndi wa beseni. Mdzukulu wa kusukulu ya ana osamva ndimulowetsa kuyambira mutu 2 kuti asadzaoneke ngati wongotoledwa panjira. Loweruka lino ndinyamuka 4 koloko m'mawa kuyenda pansi kuchoka pa boma kulowera ku Nkopola nditasenza kathumba, kuti ndimve ndekha pamene mapazi amayambira kuwawa. Abiti Saidi, ngati mungalole, ndikutumizirani mizere ya Chiyao ya pamudzi paja kuti mundikonzere ndisanaipereke kwa mkonzi.

Abiti Saidi:
Tumizani, achemwali, ndiiona Lamlungu madzulo. Loweruka musavale nsapato zatsopano, ndipo mutenge madzi okwanira pamodzi ndi munthu wokuperekezani, chifukwa 4 koloko kumakhala kukadali mdima.